Huva: Mafunso ndi Mayankho pa Makina Okoka Fumbi

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwerabwera kwa anthu ogulitsa, okonza ndi ogwiritsa ntchito makina okoka fumbi. Mayankho ambiri akuloza pa mfundo imodzi: makinawa amadalira mpweya wodutsa mkati mwake. Mpweyawo ukatsekeka penapake, mavuto onse amayambira pomwepo.

Kodi dzina lenileni la makinawa ndi chiyani?

Dzina lokhazikika m'mabuku a Chichewa palibe, ndipo sitikuona vuto ndi zimenezo. M'tauni, kumalo otsukira galimoto ndi m'nyumba zomwe muli kapeti, mudzamva anthu akuti huva. Apanganso mneni wake: kuhuva galimoto, kuhuva pabalaza, "mwahuva kale kuchipinda?" Ena amati vakyumu, makamaka amene anaona dzinalo pa katoni m'sitolo. Polemba kalata ya ku ofesi kapena pofotokozera munthu amene sanawaonepo, mungati makina okoka fumbi kapena makina oyamwa fumbi, ndipo aliyense amva.

Pogula kapena pofunsa zipangizo zosinthira, dzina la huva silikwanira. Wogulitsa amafuna dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wa makinawo. Zonsezi zimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa makina, pamodzi ndi mavolti ndi mawati ake. Kajambuleni pa foni musanachoke kunyumba. Matumba ndi mafyuluta amafanana maonekedwe koma amasiyana pakamwa, ndipo sitolo zambiri sizilandira katundu wobweza.

Nanga dzina loti huva linachokera kuti?

Ndi dzina la banja komanso la kampani, Hoover. Mu 1907, James Murray Spangler, amene ankagwira ntchito yosesa m'sitolo ina mumzinda wa Canton ku Ohio, m'dziko la America, ankavutika ndi mphumu chifukwa cha fumbi la m'makapeti. Iye analumikiza mota yamagetsi ndi fani m'kabokosi, n'kuikako ndodo ya tsache ndi pilokesi yoti fumbi lizigweramo. Boma linamulembera umwini wa luso limeneli mu 1908, koma analibe ndalama zopangira makina ambiri. Chaka chomwecho William Henry Hoover, yemwe ankapanga zinthu zachikopa monga zishalo za mahatchi, anagula umwiniwo n'kuyamba kupanga makinawo. Dzina la Spangler linazimiririka, la Hoover n'kumveka dziko lonse.

Makina okoka fumbi analipo kale Spangler asanapange ake. Ku Britain, injiniya Hubert Cecil Booth anapanga ake mu 1901. Anali aakulu moti ankakokedwa ndi hatchi, n'kuimikidwa mumsewu, mapaipi ataliatali n'kulowetsedwa m'nyumba kudzera pa mawindo. Makina a Booth anayeretsako kapeti ya mu Westminster Abbey pokonzekera mwambo wolonga ufumu Edward VII mu 1902. Koma makina a m'nyumba amene anafala ku Britain pambuyo pake anali a Hoover, omwe anamanganso fakitale yaikulu ku Perivale, mu London, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Angelezi anangoyamba kutcha makina alionse otere hoover, ngakhale akhale a kampani ina. Kuno kwathu, monganso ku Zambia ndi ku Zimbabwe, Chingelezi chinabwera kuchokera ku Britain, choncho dzinalo linabwera nacho. Chodabwitsa n'choti ku America komwe kampaniyo inabadwira, anthu ambiri amangoti vacuum, ndipo m'madera ena monga Ohio yomweyo amati sweeper.

Kodi kwina konse amatchula ndi dzina la kampani?

Ayi. Zilankhulo zambiri zinangofotokoza ntchito yake. Ajeremani amati Staubsauger, Adatchi amati stofzuiger, ndipo pa Chiafrikaans ku South Africa amati stofsuier. Mawu onsewa amatanthauza choyamwa fumbi. Mukapita kukagula ku Tete kapena kwina ku Mozambique, funsani aspirador. Koma kuli malo ena kumene dzina la kampani ya ku Sweden ya Electrolux ndi limene linamera mizu: ku Poland anthu achikulire amati elektroluks, ndipo kummwera kwa New Zealand amati lux.

Makinawa amakoka bwanji fumbi?

Mkati muli mota yomwe imazungulitsa fani mothamanga kwambiri, nthawi zoposa 20,000 pa mphindi imodzi. Faniyo imakankhira mpweya kunja kudzera kumbuyo kwa makina, ndiye mkatimo mpweya umachepa. Mpweya wa m'chipinda umathamangira kulowa pakamwa pa paipi kuti ukadzaze malo aja, ndipo polowa umanyamula fumbi, mchenga ndi tsitsi. N'chimodzimodzi ndi mmene chakumwa chimakwerera mukamayamwa ndi kapaipi ka pulasitiki.

Njira ya mpweya ndi iyi: mutu wapansi, paipi yolimba, paipi yopindika, thumba kapena chitini cha fumbi, fyuluta yoteteza mota, fani ndi mota, fyuluta yotulukira, kenako panja. Iloweni pamtima njirayi, chifukwa pofufuza vuto mudzayenda momwemo. Dziwaninso kuti pa makina ambiri a m'nyumba, mpweya womwewu ndi umene umaziziritsa mota. Thumba likadzaza, vuto sikuchepa kwa mphamvu kokha, motanso imayamba kutentha.

Nyumba yanga ndi ya simenti yopaka polishi. Kodi huva ndikuifunadi?

Kunena zoona, pa simenti ndi matailosi tsache ndi chikolopa zimagwira ntchito bwino, ndipo sizidikira magetsi. Huva imaposa tsache pa zinthu zimene fumbi limalowa mkati: kapeti, sofa wansalu, matiresi, makatani olemera, mipando ya galimoto, ndi m'timipata ta mawindo. Imathandizanso kwambiri m'nyumba mmene muli wodwala mphumu, chifukwa tsache limautsa fumbi lopyapyala n'kulisiya likuyandama kwa nthawi yaitali, kenako limateranso pa mashelefu. Nyumba zoyandikana ndi msewu wafumbi zimaona zimenezi kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa: mwapukuta tebulo m'mawa, pofika masana mukhoza kulembapo dzina ndi chala.

Ngati mulibe kapeti, mulibe sofa wansalu, ndipo palibe amene fumbi limamuvutitsa pachifuwa, ndalamayo gulirani zina.

Pali mitundu ingati, ndipo woyenera kwathu kuno ndi uti?

Pali ya matayala yokokedwa kumbuyo, yokhala ndi paipi yaitali yopindika. Imeneyi imalowa pansi pa bedi, imakwera pa sofa, ndipo imagwira pa simenti ndi pa kapeti pomwe. Pali yoimirira, yomwe mumaikankha kutsogolo, ili ndi bulashi yozungulira kunsi. Imeneyi inapangidwira nyumba zoyala kapeti khoma ndi khoma ngati za ku Britain ndi ku America, ndipo pa simenti imangomwaza mchenga. Pali ya batire yooneka ngati ndodo, yopepuka koma ya chitini chaching'ono. Pali ting'onoting'ono ta m'manja. Palinso maloboti oyenda okha, omwe anayamba kufala kampani ya iRobot itatulutsa Roomba mu 2002. Amenewa amafuna pansi posalala popanda mawaya, masitepe kapena mikeka yopindika m'mbali.

Mtundu umene timalangiza mabanja ambiri kuno ndi wa chigubu, umene umakoka zouma ndi madzi omwe, wa malita 15 mpaka 30. Ndi womwe mumauona kumalo otsukira galimoto. Ndi waphokoso, sukongola, koma paipi yake ndi yotakata, suvutika ndi mchenga, ndipo mkati mwake mulibe zambiri zoti ziwonongeke. Fyuluta yake ikada mumaigwedeza kapena kuichapa.

Ya thumba ndi yopanda thumba, yabwino ndi iti?

Ya thumba ndi yaukhondo potaya fumbi: mumatseka pakamwa pa thumba n'kulitaya lonse. Thumbalo limagwiranso ntchito ngati fyuluta yoyamba, motero mota imakhalitsa. Vuto ndi kupeza matumba. Musagule huva ya thumba musanaone ndi maso anu kuti matumba ake akupezeka m'sitolo ya m'tauni yanu, apo ayi makinawo adzakhala pakona chaka chonse podikira wachibale wochokera ku Johannesburg. Mitundu ina ili ndi thumba lansalu lokhala ndi chotsegulira kunsi, lomwe mumakhuthula n'kulibwezeramo. Limeneli ndi lothandiza kwambiri kuno.

Yopanda thumba imazungulitsa mpweya m'chitini kupanga kamvuluvulu, fumbi lolemera n'kuponyedwa m'mbali mpaka kugwera pansi. Njira imeneyi inatchuka ndi James Dyson wa ku Britain, amene anatulutsa makina ake a DC01 mu 1993. Simugula matumba, koma ntchito imasamukira pa mafyuluta, omwe amafuna kuchapidwa pafupipafupi. Pokhuthula chitini fumbi limakubwererani kumaso, choncho khuthulirani panja, m'jumbo, mutafulatira mphepo. Wodwala mphumu asagwire ntchito imeneyi.

Thumba lisinthidwe likafika magawo awiri mwa atatu. Chitini chikhuthulidwe fumbi lisanapitirire mzere wolembedwa MAX. Thumba lapepala musalikhuthule kuti muligwiritsenso ntchito, chifukwa timabowo take timakhala tatsekeka kale ndi fumbi losaoneka.

Pa katoni alemba 2000W. Ndiye kuti ndi yamphamvu kuposa ya 900W?

Sizitanthauza choncho. Mawati amenewo akunena magetsi omwe mota imadya, osati mphamvu yokokera fumbi. Makina opangidwa mosasamala, a paipi yotayitsa mpweya m'malumikizidwe ndi mutu wosagwira bwino pansi, akhoza kudya 2000W koma n'kumasiya mchenga m'kapeti. Mayiko a mu European Union analetsa kugulitsa mahuva a m'nyumba opitirira 1600W kuyambira mu Seputembala 2014, kenako anatsitsanso malirewo kufika pa 900W mu Seputembala 2017, ndipo makampani anangokonza bwino mafani ndi mitu ya makina awo. Huva yotchuka ya Henry, yopangidwa ndi kampani ya Numatic ku Somerset, masiku ano ili ndi mota ya 620W yokha, komabe oyeretsa m'maofesi ndi m'mahotela amaikonda.

Ngati katoni yatchula ma air watts kapena ma kPa, manambala amenewo ndi omwe akunena za kukoka. Ngati sanatchule, pemphani kuti auyatse m'sitolo momwemo, muike chikhatho pakamwa pa paipi, kenako muyese ndi mutu wake pa kapeti kapena pa chopondera pakhomo.

Imadya mayunitsi angati? Ingayende pa inveta kapena jenereta?

Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Huva ya 1400W ikayenda mphindi 30 imadya mayunitsi 0.7. Mukamahuva kawiri pa sabata, pa mwezi ndi mayunitsi pafupifupi 6. Simbi yositira ndi kuka yamagetsi zimadya zambiri kuposa pamenepa.

Pa inveta nkhani ndi ina. Mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kuposa omwe alembedwa, kwa kamphindi kochepa, ndipo inveta ya 1000W imangolira n'kuzima. Ngakhale inveta ikhale yaikulu, huva ya 1400W imakoka maampu oposa 115 kuchokera ku batire la 12V, zomwe zimafooketsa msanga batire la 100Ah la sola ya panyumba. Pa jenereta, sankhani yoposa mphamvu ya huva ndi theka kapena kawiri, ndipo zimitsani kaye zinthu zina zolemera. Magetsi a ESCOM akabwera ofooka, mababu akuyaka mwa chizimezime, dikirani kaye akhazikike.

Chingwe cha huva chitulutseni chonse mpaka pa chizindikiro chachikasu, koma osapitirira chofiira. Chingwe chokulungidwa chimatentha magetsi ambiri akamadutsamo. N'chimodzimodzinso ndi ekisitenshoni ya pa gudumu: itambasuleni yonse.

Wachibale wanditumizira huva kuchokera kunja. Ndingoilumikiza?

Werengani kaye kapepala ka kunsi kuja. Magetsi a ku Malawi ndi a 230V, 50Hz. Makina ochokera ku Britain, South Africa, Mozambique, Zambia ndi mayiko a ku Ulaya amagwirizana nawo. Ochokera ku America ndi ku Canada ndi a 120V, ochokera ku Japan ndi a 100V. Amenewa mukawalumikiza mwachindunji, mota imalira mokweza kwa masekondi ochepa, kenako utsi. Kaadaputa kosinthira mano a pulagi sikasintha mavolti. Pamafunika thiransifoma yotsitsa magetsi ya mawati oposa a huvayo, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umafanana ndi wa huva yatsopano. Za batire zimapulumuka ngati pa chaja palembedwa 100–240V.

Pulagi ya ku South Africa ya mano atatu obulungira siilowa m'soketi zathu za mano amakona. M'malo mwa adaputa yomwe imagwedera n'kumatentha, dulani pulagiyo muike ya kuno yokhala ndi fyuzi ya 13A. Waya wabulawuni upite ku dzino la fyuzi, wabuluu ku dzino linalo lapansi, wa mizere yobiriwira ndi yachikasu ku dzino lalitali lapamwamba. Mahuva ambiri a pulasitiki ali ndi mawaya awiri okha, ndipo zimenezo si vuto, anapangidwa choncho. Mangani bwino kachingwe kogwira waya pakhomo la pulagi, chifukwa chingwe cha huva chimakokedwa tsiku ndi tsiku.

Mota ikulira koma sikukoka. Ndiyambire pati?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo kawirikawiri mota imakhala ilibe mlandu. Zulani pulagi, kenako tsatirani njira ya mpweya ija.

1. Onani thumba kapena chitini. Thumba likhoza kuoneka lopanda kanthu koma lili lotsekeka ngati munakoka ufa, phulusa kapena fumbi la simenti. Yesani ndi latsopano.
2. Chotsani paipi yopindika, muyatse makina, muike dzanja pa bowo la pa makinawo. Ngati pamenepo akukoka mwamphamvu, vuto lili m'paipi kapena m'mutu. Ngati akukoka mofooka, vuto ndi thumba kapena fyuluta.
3. Imikani paipi mowongoka, mugwetseremo kandalama kachitsulo. Kakapanda kutulukira kunsi, muli chotseka. Zofala ndi sokosi ya mwana, chitsekerero cha botolo, jumbo, kapena mpukutu wa mesh ndi ulusi womwe wakola pa kamtengo ka machesi. Kankhani pang'onopang'ono ndi ndodo ya chikolopa. Waya wosongoka amaboola paipi.
4. Tembenuzani mutu wapansi, muone pakhosi pake pomwe pamapindika. Pamenepa ndi pothina kuposa pena paliponse.
5. Yang'anani kachitseko kakang'ono ka pa chogwirira. Kanaikidwa kuti muzichepetsera mphamvu pohuva makatani, ndipo nthawi zambiri kamatseguka mwangozi.
6. Tambasulani paipi yopindika makina akulira, mumvetsere pomwe pakutuluka kamluzu. Mng'alu umakonda kubwera pafupi ndi mapeto onse awiri. Tepi yamagetsi imagwira kwa miyezi ingapo. Pa mitundu yambiri mukhoza kudula mbali yong'ambikayo n'kupotokolera paipi yotsalayo m'cholumikizira chake.
7. Onani labala wozungulira chivundikiro. Akatuluka m'malo mwake kapena kuuma, mpweya umalowera pamenepo m'malo molowera kupaipi.

Kalilidwe ka mota kamathandizanso. Mpweya ukatsekeka, mota imalira mokwera kuposa masiku onse, chifukwa fani ikuzungulira popanda katundu.

Imazima yokha pakapita mphindi zochepa. Yapsa?

Mwina ayi. Mahuva ambiri ali ndi kachipangizo kodula magetsi mota ikatentha kwambiri. Zulani pulagi, chotsani chomwe chatseka mpweya, mudikire mphindi 30 mpaka ola, idzayakanso. Mukangodikira kuti izizire osachotsa chotsekacho, idzazimanso, ndipo tsiku lina sidzadzukanso. Mmisiri akakuuzani kuti angolumpha kachipangizoko ndi waya, kanani.

Ikamazima ndi kuyaka mukagwedeza chingwe, ndiye kuti waya waduka mkati, kawirikawiri pafupi ndi pulagi kapena polowera m'makina. Kumeneko n'kokonzeka mosavuta.

Nanga fungo la kupsa ndi phokoso lachilendo?

Fungo la labala wopsa pa huva yoimirira limatanthauza kuti bulashi yozungulira yagwidwa ndi tsitsi kapena ulusi, ndipo lamba woizungulitsa akukhuzika pa chitsulo cha mota. Zimitsani, dulani tsitsilo ndi sizasi motsatira utali wa bulashi, chotsaninso lomwe lakulungika kumapeto kwake. Lamba akatamuka kapena kuduka, sinthani. Ndi chipangizo chotsika mtengo.

Fungo la waya wopsa limodzi ndi kuthetheka kwa moto wambiri mkati mwa mota nthawi zambiri ndi makaboni. Timeneti ndi timitanda tiwiri takuda tomwe timakhudza mbali yozungulira ya mota, ndipo timaperepeseka ndi ntchito. Tikasinthidwa msanga, mota imapitiriza. Mukaumirira kuiyendetsa, mkuwa womwe timakhudza umakumbika ndipo pamafunika mota ina. Kulira kokwecha kapena kolira ngati likhweru la chitsulo ndi maberingi, makamaka ngati makinawo anakokapo madzi. Kunjenjemera kwadzidzidzi ndiye kuti kanthu kolimba kadutsa n'kuthyola kapena kupinda fani.

Fungo lonunkha chabe, losakhala la kupsa, limachokera ku zonyowa zomwe zaolera m'thumba kapena fyuluta yobwezeredwa isanaume.

Fyuluta ndiichape bwanji, ndipo kangati?

Si fyuluta iliyonse yochapa. Yasiponji imachapidwa. Yapepala yopindapinda imangogwedezedwa panja pomenyetsa pang'ono m'mbali mwa bini, pokhapokha ngati palembedwa kuti ndi yochapa. Pepala wamba likanyowa limafufuma n'kutsekeka mpaka kalekale.

Yochapayo itsukeni ndi madzi ozizira a pampopi, opanda sopo, mpaka madzi otuluka ayere. Finyani pang'ono osapotokola, muiumike pamalo odutsa mphepo kwa maola 24 kapena kuposa. M'nyengo ya mvula kapena masiku a chiperoni ipatseni masiku awiri. Musaiumike pa mbaula. Mabuku ambiri a makinawa amati kamodzi pa mwezi, koma m'miyezi ya fumbi kuno muziiona sabata ziwiri zilizonse. Kukhala ndi mafyuluta awiri osinthanitsa n'kwanzeru. Kuyendetsa huva popanda fyuluta, ngakhale kamodzi, kumalowetsa mchenga m'maberingi.

Fyuluta ya HEPA yeniyeni, yogwira fumbi losaoneka ndi maso, mwa muyezo wa ku America, imagwira 99.97 peresenti ya tinthu ta kukula kwa mamaikiloni 0.3 (maikiloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Mwa muyezo wa ku Ulaya, yolembedwa H13 imagwira 99.95 peresenti. Imathandiza a mphumu ngati makinawo ndi otsekeka bwino moti mpweya wonse umadutsadi m'fyulutamo. Mawu ngati "HEPA-type" pa katoni ndi okopera ogula basi.

Ndi zinthu ziti zosayenera kukoka?

Phulusa la pa mbaula ndiye loyamba. Khala laling'ono limatha kukhala ndi moto mkati mwa phulusa mpaka tsiku lotsatira, ndipo likalowa m'thumba lodzaza tsitsi ndi ulusi, mpweya wothamanga uja umalikoleza. Zotsalira za ndudu n'chimodzimodzi. Petulo, parafini ndi thina musaziyandikire n'komwe, ngakhale ndi huva ya madzi, chifukwa mota imathetheka moto nthawi zonse ikamayenda.

Fumbi la simenti, laimu ndi ufa zimatseka mafyuluta m'mphindi zochepa. Sesani kaye zambirizo, huva imalize zotsalira. Magalasi osweka, misomali ndi singano zimaboola thumba ndi paipi. Machubu a magetsi ndi mababu opotanapotana aja akasweka, komanso choyezera kutentha kwa thupi chagalasi, muli mekyule, chitsulo chapoizoni, ndipo huva imamwaza nthunzi yake m'chipinda chonse. Tsegulani mawindo, tolani ndi katoni yolimba ndi nsalu yonyowa. Fumbi la malata a asibesitosi, omwe adakalipo pa nyumba zina zakale, lisakokedwe ndi huva ya m'nyumba chifukwa timaulusi take timadutsa m'fyuluta wamba n'kukalowa m'mapapo.

Madzi atayikira pa kapeti. Ndingakoke?

Ndi huva ya chigubu yopangidwira madzi yokha. Chotsani thumba ndi fyuluta yapepala, muike yasiponji. Mkati mwake muli kampira koyandama komwe kamatseka njira madzi akadzaza. Mukamva kulira kwasintha ndipo kukoka kwasiya, zimitsani mukhuthule. Pomaliza tsukani chigubu, muchisiye chotsegula kuti chiume. Huva wamba ikakoka madzi, amakafika pa mota, ndipo pali ngozi yogwidwa ndi magetsi.

Kodi pali kahuvidwe koyenera?

Liwiro ndi lomwe limalakwika kwambiri. Yendetsani mutu pang'onopang'ono, kupita ndi kubwerera, mzere uliwonse uzilowa pang'ono mu unzake. Pakhomo ndi panjira yopita kukhitchini bwerezani kangapo, kenako mudutsenso mopingasa. Mchenga wokhala pansi pa ubweya wa kapeti ndi umene umadula ulusi wake anthu akamaponda.

Mutu wapansi uli ndi kobatani kopondera ndi phazi. Pa simenti ndi matailosi tulutsani timabulashi kuti chitsulo chisakande polishi. Pa kapeti tibwezeni mkati. Kamutu kosongoka ndi ka m'makona ndi m'mipata ya sofa, kabulashi kofewa ndi ka mashelefu ndi mawindo, kamutu kafulati ndi ka matiresi ndi mipando. Yambani m'mwamba, malizani pansi. Pogula mitu yosinthira yezani kukula kwa paipi: yambiri ndi ya mamilimita 32 kapena 35, ndipo siilowana.

Ingathetse nsikidzi?

Imachepetsa, siithetsa. Kamutu kosongoka kamakoka nsikidzi zooneka m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya bedi, koma mazira ake amamatirira zolimba ndipo ambiri amatsala. Mukamaliza, chotsani thumba nthawi yomweyo, mulimange m'jumbo, mukataye kutali ndi nyumba, apo ayi zimatulukanso usiku. Zofunda zichapidwe m'madzi otentha kufika madigiri 60, ndipo bedi ndi makoma zimafunabe mankhwala.

Timahuva tija tolumikiza ku soketi ya m'galimoto timathandiza?

Pa nyenyeswa za chakudya, inde. Soketi ya 12V ya m'galimoto ili ndi fyuzi ya 10A kapena 15A, choncho singapereke mawati opitirira 120 mpaka 180. Mphamvu imeneyo siizula mchenga wa kunyanja kapena dothi lofiira lomwe lalowerera m'kapeti ya galimoto. Tulutsani zopondera muzikunthe panja, palani kapeti ndi bulashi youma, kenako mugwiritse ntchito huva ya magetsi a m'nyumba.

Ya batire imatha msanga. Batire lafa?

Nthawi yolembedwa pa katoni, kaya mphindi 40 kapena 60, ndi ya pa mphamvu yotsika. Pa mphamvu yapamwamba mitundu yambiri siifika mphindi 10, ndipo limenelo si vuto. Ikamadukiza, kuyaka ndi kuzima motsatizana, onani kaye fyuluta ndi paipi, chifukwa yambiri imachita zimenezi pochenjeza kuti mpweya watsekeka. Batire lotopadi limadziwika ndi kuzima m'masekondi ochepa ngakhale latchajidwa usiku wonse. Mkati mwake mumakhala timabatire ta lithiamu, nthawi zambiri ta mtundu wa 18650, 6 pa makina a 21.6V. Kutentha kumatiwononga, choncho musatchajire pawindo lowomba dzuwa kapena kusiya makinawo m'galimoto yotseka mu Okutobala. Batire lotupa lisatchajidwenso. Musanagule huva yotere, funsani ngati batire lake limachotsedwa komanso ngati lina likupezeka.

Ndikufuna kugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndiyang'ane chiyani?

Mavolti choyamba. Kenako tsegulani muone kuseri kwa fyuluta yoteteza mota: mukapeza fumbi lambiri kumeneko, makinawo ankayendetsedwa opanda thumba kapena fyuluta. Nunkhizani potulukira mpweya. Iyatseni kwa mphindi zosachepera 5, osati masekondi ochepa omwe wogulitsa angakonde, kuti muone ngati ikuzima ikatentha. Poizimitsa mvetserani mmene mota ikuimira: yabwino imatsika pang'onopang'ono mosalala, ya maberingi otha imakwecha chakumapeto. Tulutsani chingwe chonse muone ngati chili ndi mabala kapena zomata, muyesenso ngati chikubwerera mkati. Tambasulani paipi yopindika poyera. Werengani mitu ndi mapaipi olimba ngati zilipo zonse, chifukwa mutu wapansi wokha ukhoza kudula pafupifupi theka la mtengo womwe mukulipira makinawo.